Kamera isamangofika kwa Mbenje pa madzi osefukira pokha

Tsegulani tsamba la zamasewero m'nyuzipepala zathuzi, kapena onani zithunzi zimene anthu amatumizirana pa foni mpikisano wa mpira ukatha kumudzi. Kawirikawiri mupeza chithunzi chomwechomwecho: bwana wina wovala jekete akupereka chikho kapena cheke chachikulu ngati chitseko, mnzake akumugwira chanza, onse maso ali pa kamera. Osewera amene akhala akukhetsa thukuta kwa mphindi 90 ali kumbuyo uko, mitu yokha, ena odulidwa pakati.

Abale, chimenecho si chithunzi cha masewero ayi. Ndi lisiti chabe losonyeza kuti ndalama zaperekedwa.

Nanga chithunzi chenicheni cha masewero chimakhala chotani? Ndipo n'chifukwa chiyani anthu a dera ngati la Mfumu Mbenje ku Nsanje ayenera kuilabadira nkhaniyi? Tiyambira kutali, ku America, ku mpira wa basiketibolo wa ligi ya NBA, kaamba koti kumeneko kuli zithunzi zimene anthu akuzikambabe patapita zaka makumimakumi, ndipo mbiri ya momwe zinajambulidwira inasungidwa bwino. Koma musatope, ulendowu ukathera ku Chigwa cha Shire.

Chithunzi ndi mboni

Pa 2 Malichi 1962, m'tauni yaing'ono ya Hershey m'chigawo cha Pennsylvania, chimphona china dzina lake Wilt Chamberlain chinagoletsa chokha mapointi 100 m'masewero amodzi, pomwe timu yake ya Philadelphia Warriors inathambitsa New York Knicks 169 kwa 147. Mpaka lero palibenso wina mu NBA amene wafikapo pa nambala imeneyi.

Koma tamvani izi. Tsikulo m'bwalo munali anthu 4,124 okha ndipo panalibe kanema wojambula masewerowo. Ikanatha kusanduka nkhani ya kandimverere, uja anakanena za m'maluwa. Mwayi wake, wojambula zithunzi wa bungwe la Associated Press, Paul Vathis, analipo, ngakhale anangobwera kudzaonera ndi mwana wake. Masewero atatha, mkulu wofalitsa nkhani za timuyo, Harvey Pollack, analemba nambala 100 papepala wamba n'kumupatsa Chamberlain kuti anyamule. Vathis anajambula.

M'chithunzimo mulibe kulumpha, mulibe kuthamanga. Ndi munthu wangokhala m'chipinda chosinthira zovala, akumwetulira, pepala lili m'manja. Wina afunsa: nanga chikusiyana pati ndi cheke cha bwana uja? Kusiyana kulipo kwakukulu. Pepala la Chamberlain likunena zimene wosewera wachita. Cheke chija chikunena zimene bwana wapereka.

Ndiye phunziro loyamba ndi limenelo: chithunzi chabwino ndi mboni. Chimayankha funso loti kunachitika chiyani, ndipo anachita ndani.

Chakudza sichiyimba ng'oma

Chachiwiri ndi nthawi. Basiketibolo ndi mpira wa changu. Mu NBA timu imapatsidwa masekondi 24 okha kuti iponye mpira kugolo, ndipo munthu akalumpha satha ndi sekondi imodzi yomwe ali m'malere. Wojambula akadikira kuti aone kaye ndi maso kenako n'kudina, wachedwa kale.

Ojambula a kumeneko amakhala pansi kumapeto kwa bwalo, miyendo atapinda ngati ali pamphasa. Ena amamangirira makamera kuseri kwa galasi la golo. Kudenga amapachika magetsi ong'anima, ndipo magetsiwo akang'anima kamodzi amafuna masekondi angapo kuti ang'animenso. Choncho wojambula ali ngati msodzi wa chavi m'dambo la Elephant Marsh: akaponya molakwika, nsomba zabalalika, ayambe wakoka kaye ukonde.

N'chifukwa chake akatswiri sadalira mwayi. Mu Febuluwale 1988 ku Chicago kunali mpikisano wolumpha n'kukalowetsa mpira mumkombero ndi dzanja, chimene eni ake amati dunk. Walter Iooss Jr. wa magazini ya Sports Illustrated ankadziwa kuti akakhala mbali yolakwika angojambula msana wa Michael Jordan. Ndiye mpikisano usanayambe anakacheza naye, ndipo anapangana kuti Jordan aziloza ndi chala pabondo pake mbali imene alowere. Chotsatira chake ndi chithunzi chija cha Jordan ali m'mwamba ngati mphamba, atanyamukira pa mzere wa mamita oposa anayi kuchokera pagolo, nkhope yonse ikuoneka.

Onani kuti chinapambanitsa Iooss si kamera yodula yokha. Anawadziwa masewerowo, anamudziwa wosewera, anasankha pokhala, kenako anadekha. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhope ya munthu

Chachitatu ndi mtima wa wosewera, umene umaonekera pankhope. Pa 7 Meyi 1994, kutangotsala masiku khumi kuti ife kuno tiponye voti pa chisankho cha matipate cha pa 17 Meyi, timu ya Denver Nuggets inachita zodabwitsa ku Seattle. Inali timu ya nambala 8, yotsiriza kulowa m'ndime ya chipulula kuchigawo chake, koma inatulutsa Seattle SuperSonics imene inali ya nambala 1. Zoterezi zinali zisanachitikepo mu NBA.

Chimene anthu amakumbukira si chigoli china chilichonse cha tsikulo. Amakumbukira mwana wa ku Kinshasa, Dikembe Mutombo, wamtali mamita 2.18, atagona chagada pansi, mpira atawugwira ndi manja awiri pamwamba pa mutu, pakamwa pali yasa, osadziwika ngati akuseka kapena akulira. Munthu amene sanaonepo basiketibolo chibadwire, ngakhale agogo a ku Sorgin, atachiona chithunzi chimenecho angadziwe kuti apa mwana wa munthu wapeza chimene anachivutikira.

Mutombo anamwalira pa 30 Sepitembala 2024, atamangira anthu a kwawo chipatala chachikulu ku Kinshasa chimene chinatsegulidwa mu 2007. Pofalitsa za imfa yake, chithunzi cha mu 1994 chija chinatulukanso paliponse. Munthu amapita, chithunzi chimatsala chikulankhula.

Zakumbuyo nazo ndi nkhani

Chachinayi ndi malo ndi anthu ozungulira. Pa 14 Juni 1998 ku Salt Lake City, Jordan anaponya mpira umene unapatsa Chicago Bulls chikho chake chachisanu n'chimodzi, pogonjetsa Utah Jazz 87 kwa 86. Fernando Medina anajambula ali kumapeto ena a bwalo, kumbuyo kwa Jordan. Nkhope ya Jordan sikuoneka n'komwe.

Nanga n'chifukwa chiyani chithunzichi chimatamandidwa chotere? N'chifukwa cha zimene zili kutsogolo kwake. Mpira uli m'mwamba, sunalowe. Wotchi ya pamwamba pa golo ikuonetsa masekondi 6.6. Ndipo kuseri kwa golo kuli khamu la ochemerera Utah, aliyense nkhope yake: wina wagwira mutu, wina watseka pakamwa, wina akuoneka kuti wadziwiratu kuti zada. Chithunzi chimodzi, nkhani mazanamazana.

Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti chinsinsi sichachilendo. Umboni, nthawi, nkhope, malo. Palibe pamene tatchulapo mtengo wa kamera.

Nanga kwathu kuno?

Ife a Malawi nkhani ya zithunzi iyenera kutikhudza kuposa a ku America. Wailesi ya kanema inayamba m'dziko muno mu 1999. Zonse zazikulu zimene Flames inachita izi zisanafike, monga kutenga chikho cha East and Central Africa mu 1978, mu 1979 ndi mu 1988, komanso kukasewera koyamba mu Africa Cup of Nations ku Ivory Coast mu 1984, anthu ambiri anangozimvera pa wailesi ya MBC. Mwana wa ku Bangula wa zaka zimenezo ankadziwa mawu a muulutsi, koma nkhope ya wosewera ankaionera pa nyuzipepala yakale yomata pakhoma kapena yokulungira matemba.

Kinnah Phiri anagoletsera dziko lino zigoli 71. Tafunsani mnyamata wa lero ngati anaonapo chithunzi cha chimodzi mwa zigoli zimenezo, mpira ukulowa, goloboyi akuuluka, Kinnah mwendo uli m'mwamba. Ambiri akuyankhani kuti amadziwa Kinnah wa kochi, uja anatsogolera Flames kuthira Algeria 3 kwa 0 ku Angola mu Januwale 2010. Kinnah wosewera amangomumvera kwa atate awo.

Kumbali ya ntchemberembaye, Mwai Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa chikho cha dziko lonse ku Sydney mu 2015. Mu Epulo 2018, ku Gold Coast, ma Queens anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 pa masewero a Commonwealth. Zithunzi zokongola za masiku amenewo zilipo zambiri, kaamba koti mipikisano ikuluikulu imadzaza ndi ojambula a mabungwe a nkhani a kunja. Koma Mwai sanagwe kuchokera kumwamba. Anakulira kumudzi kwa Mtwalo ku Mzimba, pa mabwalo a fumbi onga omwe ali kwa Mbenje. Akatswiri athu amayamba kujambulidwa bwino akatchuka, makamaka akatuluka kunja. Chiyambi chawo, chimene ndiye nkhani yokoma, chimatayika.

Basiketibolo nayo ilipo m'dziko muno, pansi pa bungwe la BASMAL, ndipo timu ya Bravehearts ya ku Lilongwe yaimirirapo dziko lino m'masewero achipulula a Basketball Africa League, ligi imene inayamba mu 2021 ku Kigali. Koma ndi angati a ife amene tingazindikire wosewera mmodzi wa basiketibolo wa kuno titakumana naye mu minibasi?

Chigwa chodziwika ndi misozi

Tsopano tatsikani nane mapiri a Chikwawa, tidutse Nchalo pamene pali bwalo la Kalulu, tidutse Ngabu, tilowe m'boma la Nsanje kwa Mfumu Mbenje. Dera limeneli makamera amalidziwa bwino. Anabwera mu Januwale 2015. Anabweranso mu Malichi 2019 pa nthawi ya namondwe wa Idai, pomwe anthu zikwizikwi anasonkhana pa msasa wa Bangula. Anabwera mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana, n'kudzabweranso mu Malichi 2023 ndi Freddy, amene anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno.

Tisanamizane, zithunzi zimenezo zinali zofunika. Ndi zomwe zinachititsa kuti thandizo lifike. Koma madzi akaphwa, makamera nawo amaphwa. Zotsatira zake n'zakuti munthu wa ku Mzuzu kapena ku London akamva dzina la Nsanje amaona mayi wasenza mtolo madzi ali m'chiuno, mwana pamsana, basi. Ngati kuti kuchigwa anthu saseka, sathamanga, sapambana.

Taganizani za tsiku la 25 Januwale 2022. Ku Yaoundé, Gabadinho Mhango anaponya mpira kuchokera pa mamita oposa 30 n'kudutsa pamutu pa goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou. Ngakhale Flames inagonja 2 kwa 1, chigolicho chinazungulira dziko lonse. Koma dzulo lake namondwe wa Ana anali atagwetsa mvula yoopsa, malo opangira magetsi a Kapichira ataonongeka, ndipo ambiri a kuchigwa anali akupulumutsa moyo. Kwa iwowo, chigoli chimenecho anadzachidziwira pa zimene zinajambulidwa, masiku atapita. Ndiye ntchito ya chithunzi imeneyo: kusungira amene panalibe.

Tsono ngati chigoli cha ku Yaoundé chinasungidwa kuti a ku Bangula adzachione, bwanji chigoli cha ku Bangula sichisungidwa kuti a kwina achione?

Kwa Mbenje masewero a anthu ambiri ndi mpira wa miyendo ndi wa ntchemberembaye. Koma zonse zinayi zimene taziona ku NBA zilipo pa bwalo la sukulu iliyonse. Mkombero wa ntchemberembaye ndi wokwera mamita 3.05, chimodzimodzi wa Jordan. Mtsikana wolumphira mpira opanda nsapato, pa nthaka yotentha ngati chiwaya mwezi wa Okutobala, nkhope yake ili ndi nkhani yosachepera ya Mutombo. Ndipo kumbuyo kwake kuli zimene Medina sakanazipeza ku Utah: anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo, ana ali pamtengo, ng'ombe zikubwerera kukhola, mlambe uli poteropo, fumbi likuwala ndi dzuwa la madzulo.

Kwa inu muli ndi foni m'thumba

Kale wojambula ankayenda ndi filimu ya zithunzi 36, akatsukitse kutauni, adikire masiku kuti adziwe ngati zatuluka. Lero aphunzitsi, azaumoyo ndi achinyamata ambiri ali ndi kamera m'thumba. Chosowa ndi kadziwidwe pang'ono.

Choyamba, musaime pakati pa mzere wa m'mbali ngati woyimbira wachiwiri. Pitani kufupi ndi golo, poti nkhani imathera kumeneko, ndipo osewera amabwera akuyang'ana kwa inu. Khalani pansi kapena gwadani. Mukajambula muli chiimire, mwana amaoneka wamng'ono ndipo kulumpha kwake sikuoneka. Mukakhala pansi, amasanduka chimphona.

Chachiwiri, dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena chakumbali. Dzuwa la masana la kuchigwa limagwetsa mthunzi pankhope, maso osaoneka. Kuyambira cha m'ma 4 koloko madzulo kuwala kumafewa ndipo khungu lathu lakudali limatuluka bwino.

Chachitatu, akatswiri amatsegula ndi kutseka diso la kamera m'kagawo kamodzi mwa magawo 1,000 a sekondi kuti wothamanga aime nji. Foni yotchipa siingathe zimenezo nthawi zonse, koma pali njira. Munthu akalumpha, akafika pamwamba penipeni amaima kaye pang'ono asanayambe kutsika. Dinani pamenepo. Ndipo mpira uzioneka m'chithunzi, apo ayi anthu adzafunsa ngati munali pa gule.

Chachinayi, chigoli chikalowa musaike foni m'thumba. Tembenukani. Onani wogoletsa, onani goloboyi wagwira m'chiuno, onani mayi amene walowa m'bwalo akuvina chitenje chili m'manja. Nthawi zambiri chithunzi cha tsikulo chimabwera wezulo ikalira.

Komanso pakhale ulemu. Pali ena akamajambula ntchemberembaye maso awo amakhala pa masiketi a atsikana, n'kumazitumiza pa WhatsApp kuti anthu aseke. Amenewo si ojambula, ndi adani a masewero, ndipo ndi omwe amachititsa makolo kuletsa ana awo aakazi kupita kubwalo. Ngati osewera ndi ana a sukulu, pemphani kaye kwa aphunzitsi ndi makolo musanafalitse.

Dzina, tsiku, malo

Chomaliza, chimene ambiri timachinyozera: chithunzi chopanda mawu pansi pake ndi mwana wamasiye. Tikudziwa za Vathis, Iooss ndi Medina chifukwa wina analemba kuti uyu ndi wakuti, tsiku lakuti, wajambula ndi wakuti. Kuno timangolemba kuti "ena mwa osewera". Ena ake ati? Alibe maina? Bwana wa cheke dzina lake timalilemba lonse ndi maudindo omwe, koma mtsikana wagoletsa zigoli 30 ndi "mmodzi mwa atsikanawo".

Wojambula nayenso atchulidwe ndipo alipidwe. Lamulo la zaumwini wa luso la 2016 limateteza zithunzi monga momwe limatetezera nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA lilipo pa ntchito imeneyi. Kutenga chithunzi cha mnzako pa Facebook, kudula dzina lake n'kuchiika m'nyuzipepala kapena pa chikwangwani cha kampeni, ndi kuba basi, ngakhale wakubayo avale tayi.

Ndipo zithunzi zisungidwe pawiri. Kuchigwa kuno madzi akalowa m'nyumba satenga chimanga chokha. Amatenga ziphaso, makope a ana, ndi ma alubamu omwe. Foni nayo imagwera m'madzi, imabedwa, imafa. Sukulu iliyonse ikanamatsukitsa zithunzi zisanu zokha pa chaka, zolembedwa maina kumbuyo, china n'kupachika mu ofesi ya ahedi, china n'kusungitsa pa intaneti kapena kwa m'bale wa kumtunda. Akuluakulu a mabungwe a masewero nawo akanamapereka zithunzi zawo zakale ku National Archives ku Zomba zisanadyedwe ndi chiswe m'makatoni.

Inu andale amene mumakhazikitsa zikho m'madera mwanu, makamaka chisankho chikayandikira, sitikukuletsani kujambulitsa. Jambulitsani ndithu. Koma pa ndalama za mpikisanozo patulaniko kangachepe ka mnyamata kapena mtsikana wa m'dera momwemo woti ajambule masewero enieniwo kuyambira ndime yoyamba. Ndipo inu akonzi a nyuzipepala, tsamba lomaliza ndi la osewera. A majekete ali nawo kale masamba ena onse.

Mwina pa bwalo lina la fumbi pakati pa Sorgin ndi Bangula pali kamtsikana kamene zaka khumi zikubwerazi kadzavale malaya a ma Queens, kapena kadzatsate mapazi a Tabitha ndi Temwa Chawinga. Tsiku limenelo atolankhani adzathamangira kwa Mbenje kukafunsa ngati pali chithunzi chake ali wamng'ono. Zidzakhala zamanyazi ngati chokhacho chimene tidzapeze ndi chija ali pamzere wolandira ufa pa msasa.